Kwa mdzukulu wanga, za chithunzi cha phiri la chipale

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako. Kuno ku Mzuzu tilipo, kungoti kwazizira.

Ndakutumizira chithunzi chojambula ndi penti cha phiri la Kilimanjaro la ku Tanzania. Choyera chili pamwambacho si mtambo ayi, ndi chipale chofewa, madzi oundana oyera mbee. Phirili ndi lalitali mamita 5,895, pafupifupi kuwirikiza kawiri nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, yomwe ndi mamita 3,002. Munthu akamakwera phiri kumanka kuzizira, ndiye pamwamba penipeni madzi amaundana. Ku Nyika kumagwa chisanu mu Juni ndi Julaye, koma icho dzuwa likatuluka chimasungunuka.

Usachiyang'ane mothamanga. Uchiimike pampando pafupi ndi zenera, ubwerere m'mbuyo mapazi asanu, utsinzine pang'ono. Uona kuti chipalecho si choyera ponseponse. Mbali imene kukuchokera dzuwa ndi yoyera mbee, koma mbali inayo ndi ya buluu, chifukwa pamthunzi chipale chimalandira kuwala kochokera kuthambo. Mapiri akutali wojambulayo wawapaka utoto wozimiririka, ndiye akuoneka kuti alidi kutali.

Chimene ndikufunitsitsa uone ndi bata lake. Mulibemo msewu, galimoto kapena munthu. Mitengo ili m'munsi ndi ing'onoing'ono, ndipo maso ako amangokwera okha mpaka pansonga. Ukhale chete ukuyang'ana pamenepo. Mtima umakhala pansi, n'kuyamba kuganiza za Mulungu amene anaumba chinthu chachikulu chotere. Uwapemphe amayi ako akuwerengere Salmo 121, la munthu wokweza maso ake kumapiri, chithunzicho chili patsogolo pako.

Ukafuna kujambula chako ndi penti wamadzi, uyambe walemba phirilo ndi pensulo mosasindikiza. Pa chipale usapakepo kanthu, kuyera kwa pepalako n'kokwanira. Mthunzi uupange ndi kadontho ka buluu m'supuni imodzi ya madzi. Usagwiritse wakuda, amadetsa chipalecho n'kuoneka ngati phulusa. Udikire paume usanapake miyala, apo ayi mitunduyo ilowererana. Madzi akachuluka pepala limakwinyika, choncho burashi uziyamba waipukuta pa kansalu.

Chithunzicho muchipachike pakhoma louma, posawomba dzuwa, kuti chisachite nkhungu kapena kufwifwa. Ukajambula chako unditumizire. Uwapatse moni onse kunyumbako.

Ndine agogo ako okukonda.