Lipoti la msonkhano wa oimba kiyibodi ku Johannesburg

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Monga mudandituma, ndidakaimira gulu lathu pa msonkhano wa masiku awiri ku Johannesburg, umene udasonkhanitsa anthu oimba kiyibodi m'maukwati, m'mahotela ndi m'matchalitchi. Nkhani yaikulu idali yakuti kodi munthu amene amadyera kiyibodi amafuna chiyani m'makiyibodi aja odziimbira ng'oma ndi besi potsatira makodi a dzanja lamanzere, amene ogulitsa amawatchula kuti arranger. Ndidayenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo malisiti onse ndawapereka kwa msungichuma. Ndayamba ndi malisiti chifukwa ndamva kuti ena akudandaula kuti alawansi yanga ikadagula zingwe zatsopano za maikolofoni. Ndikupempha amenewo awerenge kaye lipotili mpaka kumapeto.

Mmawa wa tsiku loyamba udathera m'malonje ndi m'nkhani ya umwini wa nyimbo, imene sidasiyane ndi zomwe a COSOMA amatiuza kuno kwathu. Masana ndiye adatiyalira zida: Yamaha Genos2 ya 2023, Korg Pa5X ya 2022, Ketron Event ya ku Italy, ndi Yamaha PSR-SX900 ya 2019, imene ambiri a ife tidaigwirapo kale.

Ndidathera nthawi yaitali pa Pa5X, ndipo sindichita manyazi kunena kuti idandikomera. Kiyibodi imeneyi imatha kunyamula masitayilo awiri nthawi imodzi (sitayilo ndi ng'oma, besi ndi zida zina zokonzedwa kale zoperekeza mtundu wina wa nyimbo), ndipo pakati pali kachogwirira kokankha kamene kamatsitsa imodzi kwinaku kakukweza inzake. Wosonyezayo adayamba ndi nyimbo yodekha yolowera akwati, kenaka adakankha kachogwirirako pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, ndipo ng'oma zothamanga zidatulukira pansi pa nyimbo yodekhayo popanda kaphokoso kapena kachete kalikonse. Aliyense amene adaimbapo pa ukwati akudziwa kachete kamene ndikunena, kaja kamene kamagwa pamene ukufufuza sitayilo ina pa sikirini, anthu ataimika miyendo m'bwalo, mkulu wa mwambo akukuyang'ana ndi diso lofiira. Oimba a ku South Africa ndi ku Zimbabwe adagwirizana nafe kuti pantchito chinthu choyamba si kuchuluka kwa mawu a zida amene kiyibodi ili nawo, koma kufulumira kwa kuchoka pa nyimbo ina kupita pa ina.

Pa chifukwa chomwecho tidakambirana kwambiri za mabatani osungira zonse zimene wakonza pa nyimbo iliyonse, monga sitayilo, liwiro, kiyi ndi mawu a dzanja lamanja. A Yamaha amawatchula Registration Memory, ndipo pa Genos alipo 10 pamene pa SX900 alipo 8. A Korg ali ndi SongBook, imene imasanja nyimbo monga m'ndandanda wa pulogalamu. Apa ndiyenera kukumbutsa komiti za nkhani imene idakwiriridwa osaweruzidwa. Pa ukwati wa ku Zomba uja ndidapeza kuti zonse zimene ndidasunga mu kiyibodi ya gulu kwa milungu iwiri zafufutidwa ndi munthu amene adaibwereka Lachisanu, ndipo ndidaimba tsiku lonse ndikufufuza masitayilo pamaso pa anthu. Ku msonkhano adatiphunzitsa kuti woimba aliyense azikhala ndi fulashi yakeyake yosungiramo zake, koma fulashi siyichotsa mlandu wa munthu wobweza chida cha gulu atachisokoneza, adaputa yake itasowanso.

China chimene chingatithandize ndi Chord Looper, imene ili pa Genos ndi pa SX900 pomwe. Umaimba makodi kamodzi, kiyibodi n'kuwagwira n'kumawabwereza yokha, dzanja lamanzere n'kumasuka. Nthawi ya perekaniperekani, pamene nyimbo imodzi imazungulira mpaka a kuchimuna onse atatha kuponya, chinthu chimenechi n'chopulumutsa mkono. Padalinso gawo la zothandizira mawu a woimba, zimene zimaonjezera mawu achiwiri ndi achitatu pa maikolofoni, koma ife amene tili ndi oimba enieni otsatira sitingazifune kwenikweni.

Tsiku lachiwiri ndidaimirira n'kufunsa za magetsi, chifukwa palibe imodzi mwa makiyibodi anayiwo imene imayendera mabatire. Magetsi akathima kapena jenereta ikatsokomola, kiyibodi imazima, ndipo iyenera kuyamba kudzuka monga kompyuta anthu akudikira. Anzathu a ku South Africa, amene nawonso adazunzika ndi kuthimathima kwa magetsi, adati iwo amalumikiza kiyibodi ku UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kosunga magetsi, imene imaigwiriza mpaka jenereta italira ndiponso imaiteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Ndikuona kuti UPS iyenera kugulidwa tisanagule china chilichonse. Tidakambanso za kulemera, popeza Genos2 imalemera makilogalamu 14 ndi pang'ono ndipo ilibe masipika akeake, pamene SX900 ndi makilogalamu 11.5 ndipo masipika ili nawo. Kwa munthu wokhala ndi galimoto kusiyanaku n'kochepa, koma kwa ife okweza chida pa minibasi, kondakitala akufuna kuchiika pansi pa matumba a chimanga, bokosi lolimba ndi lofunika kuposa makiyi 76 a Genos2. Anthu a zokuzira mawu adapempha mabowo otulutsira besi ndi ng'oma padera kupita ku mikisa, ndipo SX900 ili nawo awiri oonjezera, amene ndikukhulupirira kuti akutikwanira.

Pamene padavuta ndi pa masitayilo. Makiyibodi onsewa adzaza ndi swing, bossa nova, waltz ndi zina zotero, koma nditafufuza manganje, beni kapena ingoma sindidapeze kanthu, ndipo zimene zimayandikira kwathu zimamveka ngati mlendo akuyesa kuvina chimtali. Ketron idandigwira mtima chifukwa ng'oma zake ndi zojambulidwa kwa oimba enieni, koma oimbawo si a kuno. Msonkhano udagwirizana zolembera ogulitsa kalata yopempha masitayilo a kum'mwera kwa Africa, zida zosinthira zopezeka pafupi ndi amisiri ophunzitsidwa kukonza. Ndidavomereza za zida zosinthira ndi amisiri, popeza sikirini ikafa kuno chida chimagona chaka, koma za masitayilo ndidakweza dzanja monyinyirika. Sindikuona chifukwa chodikira kuti munthu wa ku Japan kapena ku Italy atiuze kalilidwe ka manganje pamene Style Creator, gawo lopangira masitayilo akoako, ili kale mu kiyibodi ya Yamaha. Sitayilo ya Yamaha ili ndi mizere isanu ndi itatu, iwiri ya ng'oma, umodzi wa besi ndi isanu ya makodi ndi zokometsera, ndipo ili ndi magawo anayi, A mpaka D, kuyambira pofatsa mpaka potentha. Mnyamata wina wa ku Harare adapanga sitayilo ya sungura ife tikuona, adayamba ndi ng'oma yaikulu, n'kusanjikiza besi yothamanga pamwamba pake.

Ndikudziwa kuti oimba ng'oma m'gulu lathu amaiona kiyibodi yotere ngati yowalanda nsima, ndipo sakunama, chifukwa eni ukwati ena ayamba kuitana munthu mmodzi m'malo mwa bandi. Koma sitayilo yabwino ya manganje singapangidwe ndi woimba kiyibodi yekha, ndipo maganizo anga ndi akuti oimba ng'oma athu ndiwo aimbe mizere ya ng'omayo, alipidwe, ndipo masitayilowo akhale chuma cha gulu chosagawidwa mwachisawawa pa WhatsApp monga zidachitikira ndi mabiti athu a chaka chatha.

Choncho sindikulimbikitsa kuti tigule Genos2 kapena Pa5X, ngakhale mtima wanga udatsalira pa Pa5X, chifukwa mtengo wake kuphatikizapo msonkho wa pachipata ungamalize thumba lonse. Ndikupempha komiti ikambirane zogula SX900 kapena SX920 imene idailowa m'malo mu 2024, pamodzi ndi UPS ndi bokosi lolimba, ndiponso kuti pakhale kaundula wosainira aliyense wobwereka chida. Kope la kalata yopita kwa ogulitsa ndalisiya kwa mlembi, ndipo nkhani ya adaputa ndikupempha ikhale yoyamba pa zokambirana za komiti ikubwerayi.