Kuno ku Cape, Disembala ndi mwezi wa moto

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi abale anga amene ali kuno ku South Africa, makamaka iwo amene angotsika basi kumene, komanso makolo amene atsala kumudzi akudikira kangachepe ka pa Khirisimasi. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala ku Kleinmond, m'chigawo cha Western Cape, zaka zoposa khumi. Ntchito yanga ndi ya m'gadeni. Ndimasamalira mabwalo a nyumba zinayi ku Betty's Bay ndi ku Pringle Bay, timidzi tapanidwa pakati pa nyanja yamchere ndi mapiri a Kogelberg. Nyuzi yanuyi ndimaiwerenga pafoni ndikaweruka.

Chinthu choyamba chimene chimatisokoneza ife obwera ndi nyengo. Kwathu Disembala ndi dzinja, chimanga chili m'mawondo, ukaponya chitsa cha fodya m'tchire chimangozima chokha. Kuno n'zosemphana. Mvula imagwa mu Juni ndi Julaye, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi kapena Epulo kumakhala kouma gwa, ngati Okutobala wa kwathu. Pamwamba pake pali mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, mbali yomweyo imene kwathu kumachokera mwera, koma iyi ndi ina. Imatha kuwomba masiku atatu osapuma, mpaka kukugwetsa panjinga. Munthu wakula akudziwa kuti mwezi wa Khirisimasi moto suyenda, ndiye amabwera ndi nzeru yomweyo kuno. Ine ndinali mmodzi wa otero.

Chaka changa chachiwiri, tsiku lina Lachisanu mu Januwale, ndinasesa masamba ndi tinthambi kuseri kwa nyumba ya abwana ena amene amangobwera patchuthi. Mulu unali waukulu ndipo galimoto yokatayira kunalibe. Ndinachita zimene ndinkachita kumunda kwa bambo anga: ndinaunjika, ndinayatsa, ndinaima pambali ndi chidebe. M'mawa umenewo kunali zii. Utanyeka ndinathira madzi pamwamba, ndinapondaponda, n'kupita kukadya. Cha m'ma 2 koloko mphepo inadzuka. Pamene ndimatuluka m'galaja, phulusa lija linali litafukuka, udzu wa m'mphepete mwa mpanda ukuthetheka, ndipo kuseri kwa mpandawo kunali poloti yosamangidwa yodzaza ndi tchire lotalika kuposa ine. Ndinathyola nthambi yaiwisi monga timachitira kwathu, koma ndikamenya apa, moto walumpha kale uko.

Amene anaimba foni ndi mayi wina wokalamba woyandikana nafe. Ine foni ndinali nayo m'thumba, koma ndinkaopa. Ndinkaganiza za pasipoti yanga, za ntchito, za apolisi. Mphindi zimene ndinataya ndikulimbana ndekha ndi nthambi ija ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Anafika anthu asanu pa kagalimoto kapikapu konyamula thanki ya madzi ndi kapampu kumbuyo. Ndinkayembekeza anthu achilendo a boma. Amene anatsika ndinkawadziwa. Mmodzi ndi pulambala amene anadzakonzapo giza panyumba pomwepo, buluku lake likadali ndi matope a kuntchito. Wina ndi mayi amene ndinkamuona akugulitsa m'kasitolo ka pamsewu. Wina ndi mdala wopuma pantchito, tsitsi lonse mbuu. Moto anaugwira usanafike panyumba yachiwiri, koma sanachoke. Anakhala mpaka mdima akufukula mizu ndi zitsa, akuthira madzi, akugwira dothi ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati pansi pakutentha. Pulambala uja ndiye anandiitanira pambali. Sanandifunse mapepala. Anandionetsa pamene ndinayatsira mulu, anakumba pang'ono ndi fosholo, ndipo pansi pa phulusa lonyowalo panali makala ofiira psu. Tsiku limenelo iye anataya maganyu awiri chifukwa cha ine, ndipo palibe amene anamubwezera kanthu.

Apa mpamene pagona nkhani yanga, a Mkonzi. M'timidzi ngati timeneti, amene amayamba kufika moto ukabuka ndi anthu odzipereka, osalipidwa, amene ali ndi ntchito zawo ndi ana awo. Khonsolo ili nawo ozimitsa moto ake, boma lili ndi gulu la Working on Fire, ndege ndi mahelikopita zimabwera moto ukakula, koma zonsezo zimafuna nthawi, ndipo msewu wolowera ndi wotulukira ndi umodzi wokha, R44. Ku Cape Town kulinso bungwe la Volunteer Wildfire Services, lobadwa m'moto wa chilimwe cha 1999 kulowa 2000, limene anthu ake masana ndi aphunzitsi, ophunzira, a muofesi, usiku ali paphiri ndi zikwanje. Anthu amenewa ndi ochepa, amatopa, ndipo sangaime pakhomo lililonse. Nyumba kuti ipulumuke kapena ipse, mlandu wake umakhala utagamulidwa kale miyezi ingapo moto usanafike, ndipo ogamulawo nthawi zambiri ndife ogwira reki ndi wilibala. Eni nyumba ambiri amakhala kutali. Amene amadziwa pamene pali mulu wa nkhuni ndi ine.

Ndinaziona bwino mu Januwale 2019. Usiku wolowa chaka chatsopano munthu wina anaombera m'mwamba kamoto kowala kaja amagwiritsa ntchito a m'maboti popempha thandizo, n'kukagwera m'phiri pamwamba pa Betty's Bay. Moto unayenda m'mapiri masiku oposa khumi, anthu akulimbana nawo usana ndi usiku. Pa 11 Januwale mphepo inatembenuka n'kuutsitsira m'mudzi, ndipo nyumba zoposa 30 zinapsa. Kanthu kamodzi kosewera nako pachisangalalo. Titabwerera kukaona, chimene chinandidabwitsa n'chakuti moto sunatenge nyumba mondondoza. Ina yapsa mpaka pansi, yoyandikana nayo ili chilili, yachitatu yapsanso. Akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo ndi zoona, koma tchire lina limakhala pamwamba pa nyumba. Lawi lenileni nthawi zina silifika n'komwe. Zimene zimafika ndi mbaliwali zouluzika ndi mphepo, zikudutsa msewu, n'kukatera m'ngalande za m'mphepete mwa denga momwe mwadzaza masamba ouma, kapena pansi pa khonde lamatabwa, kapena pa nkhuni zowotchera nyama zosanjidwa mokongola motsamira khoma, kapena kulowa pawindo losiyidwa chitsegukire n'kugwira katani.

Kuyambira pamenepo Novembala ndimamuyamba ndi makwerero. Ndimachotsa zonse za m'ngalande za padenga, ndipo ndimabwerezanso mphepo ikawomba. Nkhuni ndimazisamutsira kutali ndi khoma, ngakhale adona ena amadandaula kuti zikuwatalikira. Nthambi zogunda denga ndimadula, zitsamba za pansi pa mawindo ndimazichepetsa, udzu ndimatchetcha waufupi kuzungulira nyumba yonse. Masilinda a gasi asakhale pakati pa zinyalala. Payipi yothirira ikhale yolumikizidwa kale pampopi, yotalika kufika ngodya zonse, osati yopindidwa m'galaja lokiya limene kiyi wake ali ku Pretoria. Geti likhale loti galimoto ya madzi ilowe n'kutembenuka. Phulusa la pamalo owotchera nyama limalowa m'chidebe chachitsulo, n'kumizidwa m'madzi, osati kuwazidwa. Ndipo mulu wa masamba sindiyatsanso. Lamulo la kuno sililola kutentha zinyalala popanda chilolezo, ndipo chilimwe chikafika zilolezozo amaziimitsa. Abwana akakuuzani kuti ingotenthani, auzeni mwaulemu kuti ayitane galimoto. Moto ukathawa, iwo adzakhala ali kutali, wogwira machesi ndinu.

Pali mitengo iwiri imene mnyamata aliyense wa m'gadeni ayenera kuidziwa pamaso: rooikrans ndi Port Jackson. Yonse inachokera ku Australia, imamera mothithikana, ndipo ikayaka imatentha kuposa tchire lachilengedwe la kuno lotchedwa fynbos. Paini nayenso amayaka chimodzimodzi. Fynbos payekha moto ndi mnzake, amafunika kupsa pakadutsa zaka zingapo, ndipo mbewu zina sizimera zisanamve utsi. Pakatha masabata ochepa phiri litapsa mumaona timaluwa tofiira tikutuluka m'phulusa, ine ndinaima n'kumangoyang'ana. Koma nyumba si fynbos, siphukira.

Tsopano ndibwere kwathu kwenikweni, kumene timagona. Ambirife tikaweruka m'manyumba okongolawo timabwerera m'zisakasa za malata ndi matabwa, zija timati mikhukhu, zogundana khoma ndi khoma moti wilibala sidutsa. Kumeneko moto sufuna phiri. Pa 11 Malichi 2017 ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay mumzinda wa Cape Town, kunapsa nyumba zoposa 2,000 ndipo anthu pafupifupi 10,000 anatsala padzuwa. Mu Disembala 2020 ku Masiphumelele, ku Cape Town komweko, kunapsa zoposa 1,000. Malo onse awiriwa mukamayenda mumamva Chichewa ndi Chiyao ngati muli pamsika wa ku Mangochi. Ndili ndi mlamu amene zaka zinayi za thukuta lake zinathera m'matiresi, chifukwa ndi mmene ankasungira ndalama za malata a nyumba ya kumudzi.

Zoyambitsa tonse tikuzidziwa, sindikuphunzitsa munthu zachilendo. Kandulo woimikidwa pa sosala magetsi atazima. Sitovu ya palafini pafupi ndi katani. Waya mmodzi wopyapyala wochokera kwa neba, wonyamula ketulo, ayironi, sitovu ndi furiji nthawi imodzi, wodutsa pansi pa kapeti. Ndi ija timaibisa: munthu kubwera atakhuta bibida pakati pausiku, kutereka mafuta kuti akazinge mazira, n'kukhala pabedi kuti apume pang'ono. M'chipinda mwanga kandulo ndimamudula pakati n'kumuimika m'botolo lagalasi lokamwa kwambiri lokhala ndi mchenga pansi, kuti akagwa agwere momwemo. Pakhomo pali ndowa ya mchenga, chifukwa palafini ndi mafuta ophikira zikayaka madzi amangozimwaza. Mphika wa mafuta ukagwira moto, zimitsani sitovu n'kuvundikira ndi chivundikiro, musaunyamule kuthamangira nawo panja. Kuli kachipangizo kena kotchedwa Lumkani kamene kamalira kutentha kukakwera mwadzidzidzi, n'kulizanso ta m'nyumba zoyandikana. Kanapangidwira malo ngati athuwa, kumene kachipangizo komva utsi kangamalire nthawi iliyonse yophika nsima. Ndipo chonde, amayi ndi abambo opita kuntchito yausiku, musakiyire ana m'kati ndi loko wakunja. Ndikudziwa mumaopa akuba. Siyani kiyi kwa neba amene mumamukhulupirira.

Mapasipoti, mapemiti, makhadi a kuchipatala ndi a kusukulu za ana ziikeni m'kachikwama kamodzi kopachikidwa pafupi ndi chitseko, ndipo muzijambule pafoni n'kutumizira m'bale wina. Anthu ena amene amapsa amakhala atatuluka kale, n'kubwereramo chifukwa cha mapepala. Nambala ya 112 imagwira pafoni yam'manja iliyonse kuno, ngakhale mulibe mayunitsi, koma funsaninso nambala ya ozimitsa moto a m'dera lanu muisunge. Imbani moto ukadali waung'ono, tchulani msewu ndi chizindikiro chodziwika, ndipo tumani mwana wamkulu akaime pamphambano kuti awalondolere. Akanena kuti samukani, samukani. Musadzaze msewu ndi magalimoto kukaonerera ndi kujambula za pa Facebook, chifukwa msewu womwewo ndi umene thanki ya madzi ikudzera.

China chimene chimandiwawa n'chakuti m'magulu odziperekawa Amalawi sitioneka kwenikweni. Timati ndi za azungu, za eni nthaka. Koma ndani amadziwa kugwira chikwanje ndi khasu tsiku lonse padzuwa kuposa ife? Kulambula msewu wotchinga moto kuzungulira nkhokwe, manda ndi nkhalango ya mudzi tinaphunzira tili ana. Ine sindinafike povala yunifolomu yawo, chifukwa maphunziro ake amagwa Loweruka pamene ndili paganyu, koma pakakhala kudula rooikrans m'mapoloti ndimapita, ndipo moto ukakhala paphiri ndimathandiza kunyamula madzi akumwa ndi chakudya kupita nazo pamene akusonkhanira. Amabwera nkhope zili bii, maso ofiira, ena akugona chokhala. Ukawapatsa botolo la madzi amathokoza ngati wawapatsa mbuzi.

Ndikamawaona ndimakumbuka kumudzi. Magalimoto ozimitsa moto kwathu ali m'mizinda ikuluikulu, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Pa Tsangano kapena pa Lizulu msika ukayaka, galimoto ingachokere kuti n'kupeza chotsala? Chaka ndi chaka timamva za moto ku Chikangawa ndi paphiri la Zomba, ndipo anyamata osaka mbewa akupitiriza kuyatsa tchire n'kumapita. Amene ndawaona kuno alibe zambiri: pikapu yakale, thanki, pampu, zomenyera moto zopangidwa ndi zidutswa za payipi zokhomerera pamtengo, gulu la pa WhatsApp, ndi chizolowezi chokumana kuyeserera moto usanabwere. Makomiti a m'misika ndi a m'midzi mwathu angalephere zimenezi? Timatha kusonkhana pa maliro m'kanthawi kochepa, adzukulu ndi makasu awo, amayi ndi nkhuni zawo, aliyense akudziwa mbali yake popanda womulipira.

Ndikupempha kuti kalatayi muitulutse Disembala asanafike, chifukwa ndi nthawi imene achinyamata ambiri amatsika kuno kudzafuna maganyu a patchuthi, ndipo abwana amawapatsa reki tsiku loyamba lomwelo osawauza kanthu. Mphwanga wafika mwezi wathawu kuchokera ku Ntcheu. Dzulo ndinamupeza ataunjika masamba pakona ya mpanda, akusisita m'matumba kufuna machesi.

Ine wanu,
Wogwira ntchito m'gadeni,
Kleinmond, Western Cape