Chotsani vidiyo ya achimwene anga pa tsamba lanu

Kwa inu amene munakonza usiku wa nthabwala Loweruka lapitali,

Ndalemba pano poyera chifukwa ku inbox ndagogodako katatu. Kawiri munawerenga n'kungoti zii. Kachitatu munandiyankha kuti "zinali nthabwala chabe, musazitengere pamtima", n'kuikapo kankhope koseka. Vidiyo ija ikadali pa tsamba lanu, ndipo mwachita kuikhomera pamwamba penipeni kuti aliyense wolowa ayambe waiona.

Bambo ovala shati yoyera amene mukuitanira nawo makasitomala mu vidiyoyo ndi achimwene anga. Ali ndi chibwibwi kuyambira ali mwana. Matikiti ndinagula ndine, inali mphatso ya tsiku lawo lobadwa, ndipo mipando yakutsogolo ndinasankha dala poti tonse awiri nthabwala timazikonda. Anyamata awiri oyamba aja anatiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Wachitatu ndiye anatsika pa siteji, n'kuwalozetsa maiki kukamwa: "Bwana, dzina ndani?"

Amene anakhalapo ndi munthu wachibwibwi akudziwa kuti funso lovutitsitsa ndi limeneli. Mawu ena akakana kutuluka munthu amazemba n'kugwiritsa ntchito ena ofanana nawo, koma dzina lako ulisintha ndi chiyani? Achimwene anakakamira pa chilembo choyamba, maso atatsinzina, dzanja likumenya bondo monga amachitira mawu akawatsamwa. Mnyamata wanu anawayeserera pompo. Holo yonse inaseka, ndipo ndinene zoona, nawonso achimwene anaseka. Zikanathera pomwepo simukanamva za ine. Koma iye anaona kuti watola chikwama. Anabwerera kwa iwo kanayi. Nthabwala ina ikapanda kugwira, ankathamangira pomwepo, mpaka anauza anthu onse kuti azibwereza chilembo chija pamodzi ngati kolasi, iye akuwaimbitsa ndi dzanja. Nditafuna kunyamuka, achimwene anandigwira mkono mwamphamvu kuti ndikhale pansi, poopa kuti tikatuluka anthu asekanso. M'galimoto pobwerera sanayankhule chilichonse.

Ena mu ma comment mwanu akuti wokhala kutsogolo amadziwa yekha, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Chabwino. Tinkayembekezera kuti atiseka mimba, dazi, kapena shati yoyera ija. Ndipo musanditenge ngati munthu wongofuna nthabwala zaulemu zokhazokha. Amene ndimamukonda kuposa onse ndi George Carlin, munthu amene apolisi anamumanga ku Milwaukee mu 1972 chifukwa cha mawu asanu ndi awiri otukwana amene anatchula pa siteji. Ndimalemekeza Lenny Bruce, amene khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 1964 pa mlandu wolaula, kenako gavanala wa chigawo cha New York n'kudzamukhululukira mu 2003 iye atamwalira kalekale mu 1966. Anthu amenewa pakamwa pawo panali poyabwa, koma taonani amene ankalimbana nawo: boma, apolisi, atsogoleri a zipembedzo, anthu okhala ndi mphamvu zowatsekera m'chitolokosi. Mnyamata wanu anasankha munthu mmodzi yekha m'holo monse amene sakanatha kumubwezera mawu mwachangu, iye ali ndi maiki ndi masipika. Kulimba mtima kwake kuli pati pamenepa?

Chibwibwi chimasekedwa, sindikukana. Drew Lynch, amene anakhala wachiwiri pa mpikisano wa America's Got Talent mu 2015, anatchuka ndi nthabwala za chibwibwi chake chomwe, ndipo achimwene amamuonera n'kumaseka mpaka misozi. Kusiyana kwake n'koti iye amanena za lilime lake, ndipo amasankha yekha poyambira ndi polekezera. Richard Pryor nayenso, atapita ku Kenya mu 1979, anabwerako n'kusiya kugwiritsa ntchito liwu lija lonyoza anthu akuda, limene poyamba silinkachoka pakamwa pake. Palibe lamulo linamuletsa. Anangoona yekha, ndipo sanasiye kuseketsa anthu.

Za malamulo sindikuopsezani nazo. Ku Canada, Mike Ward anakhala zaka akuseka pa siteji mnyamata wina woimba wolumala, nkhani inafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 2021 oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula mokomera Ward. Kunena kuti wanthabwala ali ndi ufulu ndikuvomera, ndipo sindikupempha kuti mnyamata wanuyo mumuchotse ntchito. Ali pa siteji, magetsi ali kumaso, anthu akukuwa, munthu amatha kupyola malire osazindikira.

Dandaulo langa lili pa inu. Vidiyo ija simunaikonze muli pa siteji. Wina mwa inu anakhala pansi Lolemba, mutu uli bwinobwino, n'kusankha mphindi ziwiri zimenezi pa chionetsero cha maola atatu. Anakokera kamera pafupi ndi nkhope ya achimwene pamene milomo inkanjenjemera. Analemba mawu apansi pa vidiyo mobwereza chilembo chija kasanu ndi kawiri, ndinachita kuwerenga. Kenako anaikapo tsiku la chionetsero chotsatira ndi nambala yogulira matikiti. Pa tikiti yathu panalibe paliponse polembedwa kuti oonera adzajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, pakhomo sanatiuze, ndipo palibe anabwera kudzatipempha chionetsero chitatha. M'holo muja zinali za usiku umodzi, anthu akanaiwala. Pa Facebook ndi TikTok sizitha.

Lachitatu vidiyoyo inafika pa gulupu ya WhatsApp ya kuntchito kwawo. Anyamata ang'onoang'ono amene anawaphunzitsa ntchito okha tsopano akuwapatsa moni ndi chilembo chija. Munthu ameneyu anatha zaka akudziphunzitsa kuyankha foni pamaso pa anthu. Sabata ino ikaitana akungoiyang'ana, kenako n'kutumiza uthenga wolemba.

Ndalama za matikiti sungani, zimenezo sindikuzifuna. Matikiti aulere a chionetsero chamawa, amene mnzanu wina wandilonjeza mu comment, musavutike nawo. Chotsani vidiyoyo pa masamba anu onse, ndipo muuze mnyamata wanu aichotsenso pa tsamba lake. Muwalembere achimwene mawu opepesa, ngakhale mizere itatu, koma yopanda mawu akuti "ngati munakhumudwa". Ndipo kuyambira chionetsero chikubwerachi lembani pa tikiti kuti mumajambula, ndipo musanaike nkhope ya munthu pa intaneti muzimufunsa. N'zosavuta, wogwira kamera wanu anali chapafupi pomwepo ndi ife usiku wonse.

Achimwene sakudziwa kuti ndalemba izi, ndipo akadziwa andikalipira kuti ndakulitsa nkhani. Inu amene mukuwerenga, chonde musafunse dzina lawo kapena kuika vidiyoyo pansi pano. Link yake ndaitumizanso ku inbox kwa eni tsamba, kachinayi tsopano.