Mtsogoleri wa yunivesite tizimuyeza ndi kalendala, osati mkanjo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene nyuzipepala zathu zimaikumbukira pa tsiku lopereka madigiri lokha, ndiyo ya anthu amene amayendetsa mayunivesite a boma m'dziko muno. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito kuno ku Kasungu, ndipo ndikulemba monga kholo limene laphunzitsa mwana ku yunivesite ndi ndalama za fodya ndi soya.

Chisokonezo chimayambira pa dzina la udindowu. Pa wailesi timamva akuti "wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite" pomasulira mawu akuti Vice Chancellor, ndipo anthu ambiri kumudzi amaganiza kuti ameneyu ndi wothandizira chabe amene amadikira kuuzidwa zochita. Sizili choncho. Chancellor, amene mwa mwambo wathu wakhala Mtsogoleri wa dziko kuyambira pa Dr Hastings Kamuzu Banda, amabwera kudzapereka madigiri n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, pamene bajeti, malipiro a aphunzitsi, zipinda zogona ndi madandaulo a ophunzira zimatsala m'manja mwa Vice Chancellor. Iyeyu ndiye mwini ntchito, ndipo zinthu zikaphotchoka ndiye woyenera kufunsidwa, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mbiri ya udindowu ikuonetsa kuti si mpando wongokhalapo. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, pansi pa Dr Ian Michael wa ku Britain. Kwa zaka zoposa 25 mpandowu unali m'manja mwa anthu ochokera kunja, kufikira pamene Pulofesa Brown Chimphamba anakhala Mmalawi woyamba kuutenga. Iwo anayendetsa sukuluyi pa nthawi yotentha, pamene ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba pogwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992, ndipo pofika chaka chotsatira dziko linakhulupirira Pulofesa Chimphamba mpaka kuwapatsa utsogoleri wa bungwe loyendetsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Amene anawalowa m'malo mu 2000, Pulofesa David Rubadiri, anali munthu amene anasiya ukazembe mu 1965 chifukwa chosagwirizana ndi boma la nthawiyo n'kukaphunzitsa ku Makerere ku Uganda ndi ku Botswana. Anthu awiriwa anafika pa mpando ali kale ndi dzina limene sanalilandire kwa andale, ndipo ndikukhulupirira kuti zimenezi zinawapatsa mphamvu poyankhula.

Chitsanzo chimene ndinkakonda kuuza atsikana a Fomu 4 ndisanapume ntchito ndi cha Pulofesa Address Malata. Iwo anayamba ngati namwino komanso mzamba, anaphunzitsa ku Kamuzu College of Nursing mpaka kukhala mkulu wa kolejiyo, ndipo mu 2016 anasankhidwa kutsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo, kukhala mayi woyamba pa udindo wotere m'mayunivesite a boma. Chimene chimandikoka pa mbiri imeneyi si kukwera kokhako ayi, koma kuti munthu amene anagwirapo ntchito yausiku m'wodi, amenenso anakonzapo ndondomeko ya makalasi ndi kudikira ndalama za boma zimene zachedwa, amadziwa pamene sukulu imapwetekera. Pulofesa angathe kukhala katswiri pa kafukufuku koma osadziwa kuyendetsa anthu, monga momwe ife ku sekondale tinkaonera mphunzitsi wa masamu wodziwa kwambiri akulephera uhedimasitala pasanathe chaka.

Lero tili ndi mayunivesite a boma 6, chifukwa pa Yunivesite ya Malawi panaonjezereka ya Mzuzu, kenako LUANAR imene inachokera ku Bunda, MUST imene inatsegulidwa mu 2014, ndi KUHeS (ya zaumoyo) ndi MUBAS (imene kale inali Polytechnic) zimene zinachoka ku Yunivesite ya Malawi n'kuima pazokha mu 2021. Palibe ndi imodzi yomwe imene likulu lake lili ku Kasungu, kotero mwana wa ku Chamama, Santhe kapena Nkhamenya akasankhidwa, ulendo wake ndi wa ku Lilongwe, Mzuzu, Zomba, Blantyre kapena Thyolo. Apa ndi pamene pali mfundo yanga yeniyeni, ndipo ndipempha akuluakuluwa aimvetse bwino.

Ndalama za mlimi wa kuno zili ndi nyengo yake. Msika wa fodya ku Chinkhoma umatsegulidwa cha mu Epulo, soya ndi mtedza timagulitsa kuyambira Meyi, ndipo pofika Okutobala zimene zatsala zimapita ku feteleza ndi mbewu. Kholo lanzeru limapatula ndalama za fizi, za lendi ndi za thiransipoti poyang'ana tsiku limene yunivesite yalengeza kuti itsegula. Tsikulo likasunthidwa kuchoka mu Seputembala kupita mu Januwale, kaya chifukwa cha sitiraka ya aphunzitsi, kaya chifukwa ophunzira achita zionetsero ndipo sukulu yatsekedwa, kwa munthu wolandira malipiro pa mwezi ndi chokhumudwitsa chabe, koma kwa mlimi ndi tsoka. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe imakhala itapepuka, aganyu akufuna malipiro, ndipo mbuzi imagulitsidwa pa mtengo wolira. Ndalama zimene zinapatulidwa zija zimakhala zitalowa m'munda kapena ku chipatala, pakuti palibe banja limene lingasunge ndalama m'bokosi pamene mwana wina akudwala malungo.

Ndikunena zimene ndinaziona m'nyumba mwanga. Mwana wanga wamkazi anasankhidwa kukachita maphunziro a zaka 4 pa yunivesite ina ya boma, imene sindiitchula, koma anamaliza patatha zaka 5 ndi miyezi ingapo, ngakhale kuti sanalepherepo mayeso. Popeza malo ogona pa sukulupo anali ochepa, iye ankachita lendi kachipinda kunja kwa mpanda, ndipo nthawi zonse sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi tinkalipirabe lendiyo kuopa kuti mwini nyumba angaikemo wina. Kawiri konse tinamva za kutsekedwa kwa sukulu kudzera pa WhatsApp ya ophunzira, kalata ya akuluakulu n'kutuluka pambuyo pake. Mnzake wina wochokera dera lathu lomwe lino sanabwererekonso ulendo wachiwiri, ndipo lero akugulitsa zovala zakaunjika pa boma, ali ndi zaka 2 za ku yunivesite zopanda pepala lililonse.

Ndikudziwa kuti Vice Chancellor sasindikiza ndalama. Thandizo lochokera ku Thumba la Boma limachedwa ndipo silikwana, fizi imavomerezedwa ndi khonsolo ya yunivesite, ndipo ngongole za ophunzira zili m'manja mwa bungwe lina limene linayamba ntchito mu 2015. Komabe sitiraka simagwa ngati mphezi. Imayamba ndi kalata ya madandaulo imene yakhala pa desiki miyezi ingapo osayankhidwa, ndi msonkhano umene wasunthidwa katatu, ndi mtsogoleri amene ali kunja kwa dziko pamene atsogoleri a ophunzira akufuna kumuona. Kuzimitsa moto usanafike pa denga ndiyo ntchito imene munthuyu analembedwera.

Nthawi zinanso chimene chimaswa kalendala ndi ndale, ndipo apa m'pamene msana wa mtsogoleri umaonekera. Tonse tikukumbukira chaka cha 2011, pamene mkulu wa apolisi anaitana Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chancellor College, kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kwathu kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi pofuna chitsimikizo cha ufulu wawo, anayi mwa iwo anachotsedwa ntchito ndipo anabwezeretsedwa chakumapeto kwa chakacho, koma ophunzira a ku Chancellor College anali atataya kale miyezi yoposa theka la chaka. Mtsogoleri amene akudziwa kuti mpando wake anaupeza mwachifundo cha andale sangathe kuima pakati pa boma ndi aphunzitsi pa tsiku ngati limenelo, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha kuti posankha anthuwa, khonsolo izilengeza poyera mayina a amene afika kumapeto kwa mpikisano ndi zimene aliyense walonjeza kuchita, tisamangomva dzina limodzi pa nkhani za usiku.

Pempho langa lina ndi lakuti Vice Chancellor aliyense azitulutsa lipoti lalifupi chaka ndi chaka, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, pakuti kumpoto kwa boma lino makolo ambiri amayankhula Chitumbuka. Lipotilo lisakhale la zithunzi za nyumba zatsopano ndi mapangano osainidwa ndi mayunivesite akunja, koma linene masiku amene sukulu inatsegulidwa ndi kutsekedwa poyerekeza ndi amene analengezedwa, chiwerengero cha mabedi poyerekeza ndi cha ophunzira, ndi chiwerengero cha amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Zikanakhalanso bwino akuluakuluwa akanamafika m'maboma ngati lino kamodzi pa nyengo yawo ya udindo, osati kudzakhala mlendo wolemekezeka, koma kudzakhala pansi mu holo ya sekondale ngati ya Chayamba ndi kumva mafunso a makolo.

Inunso akonzi muli ndi gawo lanu. Mtolankhani wanu akadzapita kukacheza ndi mmodzi wa atsogoleriwa, asadzathere nthawi pa madigiri ndi mphoto zimene analandira, popeza zimenezo zili kale pa intaneti. Adzawafunse kuti mwa ophunzira amene analowa chaka chimene iwo anayamba ntchito, ndi angati anamaliza pa nthawi yake, ndipo yankholo mudzalisindikize kuti ife a ku Kasungu tidzaliwerenge tisanagulitse fodya wa chaka chamawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Santhe, Kasungu