Kwa Tadala, za malamulo a Newton

Mwana wanga Tadala,

Ndamva kuti akupatsa kalasi ya Fomu 3 kuti uziphunzitsa fizikisi, ndipo mwafika pa malamulo a Newton. Ine choko ndinasiya kalekale, komabe mvera izi.

Ana savutika kuloweza F = ma, lamulo lachiwiri loti mphamvu (F) ndi mass ya chinthu m'makilogalamu (m) kuchulukitsa ndi mmene liwiro likusinthira (a). Chimene chimawagwetsa pa mayeso a MANEB n'chakuti amangotola nambala iliyonse yokhala ndi N (manyutoni, muyeso wa mphamvu) m'funsomo n'kuitcha F. F ameneyu ndi mphamvu yotsala ukaphatikiza zonse zokankhira mbali imodzi n'kuchotsapo zobweza. Choncho mwana asagwire kakyuleta asanajambule kabokosi ndi mivi yoonetsa mphamvu iliyonse ndi kumene ikuloza. Adzadandaula kuti nthawi ikutha. Aleke adandaule.

Apatse minibasi yochoka m'tauni kupita ku Area 25. Tinene kuti ili ndi 2,000 kg, injini ikuyikankha ndi 5,000 N, pomwe mphepo ndi kukhulana zikubweza ndi 1,000 N. Zotsala ndi 4,000 N, ndiye liwiro likukwera ndi 2 m/s². Wopupuluma adzalemba 2.5, ndipo udzadziwiratu kuti waiwala zobweza zija. Kenako uwauze kuti kondakitala wathithikizamo anthu ndi katundu wa 500 kg. Mphamvu yotsala ikakhala yomweyo, yankho litsikira pa 1.6. Izi amazidziwa kale m'thupi, aliyense anakwerapo minibasi yodzaza ikukwera chitunda, iwe ungowapatsa manambala ake.

Pamene pali ntchito ndi apa. Minibasi yomweyo ili pa M1 kulowera ku Kanengo, msewu wowongoka, ikuyenda 60 km pa ola osasintha. Afunse kuti mphamvu yotsala ndi yochuluka bwanji. Ambiri adzakana kuti ndi ziro, ati galimoto ikuyenda nanga. Usawaseke, chifukwa Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, ankaganizanso kuti choyenda chimafuna chokankha nthawi zonse, ndipo maganizo amenewa anakhala zaka mazanamazana Galileo asanawatsutse, Newton n'kudzalemba malamulo ake mu 1687. Injini ikukankhadi, koma mphamvu yake ikungofanana ndi zobweza. Mphamvu yotsala imasintha liwiro kapena kolowera, basi. Khala pamenepa ngakhale mapiriyodi awiri.

Za mass (makilogalamu a chinthu) ndi weight (mphamvu imene dziko limachikoka nayo) usachedwepo. Thumba la chimanga la 50 kg limakokedwa ndi dziko ndi 500 N tikatenga g, kukoka kwa dziko pa kilogalamu iliyonse, ngati 10, ngakhale kwenikweni ndi pafupifupi 9.8. Mu F = ma mulowe 50, osati 500. Magalamu asinthidwe kukhala makilogalamu kaye.

Lamulo lachitatu, loti ukakoka chinthu nachonso chimakukoka ndi mphamvu yofanana, lili ndi msampha wake. Padzapezeka mwana wochenjera wofunsa kuti ngati ng'ombe ikukoka ngolo, ngolo n'kumakokanso ng'ombe ndi mphamvu yofanana, zimayenda bwanji? Ameneyo umusunge bwino. Mphamvu ziwirizo sizithetsana chifukwa zikugwira pa zinthu ziwiri zosiyana, ina pa ngolo, ina pa ng'ombe. Ajambule ngolo payokha, aone kuti kukoka kwa ng'ombe kukuposa zobweza za pa magudumu. Ajambulenso ng'ombe payokha, apeze kuti nthaka ikuyikankhira kutsogolo pamene ziboda zikuponda chammbuyo.

Mapepala a mayeso akale ndinasunga m'katoni kuchipinda. Ukabwera kuno ku Mitundu Loweruka udzawatenge chiswe chisanayambe kuwawerenga. Mayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.