Tiziwerengera tisanalonjeze kubweza ngongole

Akonzi,

Tiloleni tifotokozeko mawu a Chingerezi akuti solvency, omwe amamveka pa nkhani za mabanki ndi ma SACCO (mabungwe a mamembala osunga ndi kubwereketsana ndalama). Funso lake ndi limodzi: mutagulitsa katundu wanu yense lero, kodi ndalamazo zingakwanire kubweza ngongole zanu zonse? Zikakwanira n'kutsalako, muli pabwino. Zikaperewera, mwamira kale, ngakhale nyumba ili ya malata.

Kuno ku Kasungu ambiri amaphonya powerengera katundu. Tiyerekeze mlimi ali ndi ng'ombe ziwiri, ngolo ndi njinga yamoto. Alembe mtengo womwe angagulitsire lero, chifukwa njinga yoyenda zaka zitatu m'misewu yafumbi siyingabweze ndalama yomwe anagulira. Munda wa makolo asauwerengere, poti sangaugulitse yekha abale ali chete. Fodya amene ali m'munda nayenso si ndalama. Matalala a tsiku limodzi angamung'ambe yense, ndipo belo likhoza kubwezedwa pa okushoni ku Chinkhoma.

Mbali ya ngongole ndiyo anthu amabisa. Lembani zonse: ya banki mkhonde, ya zipangizo yomwe kampani idzadula pogulitsa fodya, malipiro a matenanti, ngakhale ya katapila imene mukuchita nayo manyazi. Chiwongoladzanja chisaiwalike. K100,000 yokongola pa 20 peresenti pa mwezi, ikapanda kubwezedwa, imakhala K120,000 mwezi woyamba, K144,000 wachiwiri, K172,800 wachitatu, ngati gulu limaika chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake.

Chomwe chimatiwawa kwambiri ndi ichi: munthu atha kukhala ndi katundu woposa ngongole, koma n'kulephera kulipira tsiku likakwana. Ngongole ikufunika mu February, mwezi wa njala, pamene msika wa fodya umatsegulidwa cha mu April. Apo mlimi amagulitsa ng'ombe motaya kwa mavenda, kapena amakongola kwina kuti atseke dzenje loyamba, ndipo ngongole imabereka inzake.

Pempho lathu kwa makomiti a banki mkhonde ndi lakuti asamangoyang'ana masheya ndi chikole. Wokongola abweretse pepala lolembapo katundu, ngongole zonse, ndi mwezi womwe ndalama zake zimalowa. Tsiku lobweza ligwirizane ndi mwezi umenewo.

Alangizi a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama,
Kasungu