Mwana wanga akavota ku Britain pa 4 July

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndinenepo za chisankho cha ku Britain cha pa 4 July chaka chino cha 2024. Wina afunsa kuti mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Chibavi akuzifuniranji za kwa eni. Mwana wanga wamkazi ali mumzinda wa Leeds ku England, amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo fizi ya mng'ono wake teremu ino yachokera m'manja mwake. Komanso akavota nawo. Lamulo lawo limalola nzika ya dziko la mu Commonwealth, ngati Malawi, yokhala kumeneko movomerezeka kuponya voti, ndiye analembetsa, ndipo pamalo ovotera akaonetsa pasipoti yake yomweyi ya Malawi. Chaka chamawa cha 2025 ife tikamadzasankha kuno iye sadzavota, poti ali kunja. Imeneyo tidzakamba tsiku lina.

Lamulungu lapitali tinacheza pa WhatsApp, ine nditadzikulunga m'bulangete, poti June wa ku Mzuzu mukumudziwa. Nditamufunsa amene akuoneka kuti apambana, anaseka. "Adada, funso limenelo kuno palibe akufunsa. Aliyense akudziwa kuti ndi Labour. Koma sindinaone ndi mmodzi yemwe akuvina kapena kuvala nsalu ya chipani." Agogo ena amene amawasambitsa m'mawa uliwonse, amene avotera chipani cholamula cha Conservative kuyambira ali mtsikana, anamuuza kuti ulendo uno angokhala pansi.

Mawu a agogowo ndi amene andikhala kumtima. Akafukufuku akuti Labour, chipani chotsutsa chotsogozedwa ndi Keir Starmer, yasiya Conservative kumbuyo ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse, koma ine sindikuonapo chikondi, ndikuona kutopa. Conservative yalamula zaka 14 kuyambira 2010, ndi nduna zazikulu zisanu: Cameron, May, Johnson, Truss ndi Sunak. Mayi Truss sanakwanitse ngakhale miyezi iwiri. Mu 2022 mitengo ya zinthu inakwera ndi 11 peresenti, zomwe ife tikhoza kuziseka koma kwa iwo ndi chilala. Mndandanda wa odikira thandizo m'zipatala za boma za NHS ku England wadutsa 7 miliyoni. Ndiye Rishi Sunak naye tsoka likumulondola: analengeza tsiku la chisankho pa 22 May mvula ikumuvumbwa wopanda ambulera, kenaka pa 6 June anachoka msanga pamwambo wokumbukira asilikali a D-Day, a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ku France, mpaka kupepesa mtundu wonse.

Voti ya kutopa ife timaidziwa. Mu June 2020 ndinaima pamzere kusanache, chisanu chikulowa m'mafupa, ndipo ambiri amene tinali pamzerewo tinkadziwa bwino chimene tikukana kuposa chimene tikusankha. Wolowa m'boma mwa njira imeneyi amaganiza kuti anthu amukonda, pamene angomubwereka mpando. Starmer akuoneka kuti akuzizindikira, n'chifukwa chake akulonjeza zochepa, ngati munthu woyenda ndi chikho chodzaza mkaka.

Akafukufuku nawo amaphonya. Mu 1992 ambiri ankati Neil Kinnock wa Labour walowa kale, koma anapambana ndi John Major wa Conservative. Mu 2017 Theresa May anaitanitsa chisankho ali patsogolo kwambiri, n'kutuluka ndi mipando yoperewera.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti eni demokalase amenewa akugwiritsabe njira imene ife khoti linatichotsera mu 2020 posankha pulezidenti. Kumeneko nduna yaikulu saivotera payokha. Kuli madera 650, ndipo m'dera lililonse wotsogola ngakhale ndi voti imodzi ndiye phungu. Chipani chopeza aphungu 326 chimapanga boma. Palibe za 50+1. Mu 2015 chipani cha UKIP chinapeza mavoti pafupifupi 4 miliyoni koma phungu mmodzi yekha. Mtsogoleri wake wa nthawiyo, Nigel Farage, wabweranso ndi chipani cha Reform UK, akuima m'dera la Clacton atalephera kasanu ndi kawiri kulowa m'nyumba ya malamulo. Mipando mwina sapeza yambiri, koma mavoti amene akukokolola ndi a Conservative, ndipo wopindula ndi Labour. Nafenso tikukumbuka 2019, munthu kulengezedwa wopambana ndi 38 peresenti otsutsa atagawana mavoti.

Tsono anzanga amene timakhala nawo pa bawo akuti Labour ikalowa ziyamba kutiyendera. Sindikudziwa akuzitenga kuti. Zoona, yanena kuti ithetsa ndondomeko yotumiza othawa kwawo ku Rwanda. Koma thandizo la maiko osauka, limene Conservative inalidula mu 2021 kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma cha dzikolo, Labour ikungoti idzalibwezeretsa chuma chikadzalola, ndipo mawu otere aliyense amene anangongozapo munthu amawadziwa. Pa nkhani ya obwera, zipani zonse zikuluzikulu zikupikisana kulonjeza kuchepetsa chiwerengero.

Apa ndi pamene pakundiwawa. Kuyambira pa 11 March chaka chino, olowa m'dzikomo kukasamalira okalamba saloledwanso kutenga mwamuna, mkazi kapena ana. Mapepala a mwana wanga anachedwa ndi milungu yochepa chabe, moti ananyamuka yekha mu April. Mdzukulu wanga wa zaka zisanu amagona kuchipinda kwa agogo ake aakazi, ndipo foni ikalira usiku ndi iye amayamba kuithamangira. Labour sinalonjeze kuchotsa lamulo limeneli.

Ndinamufunsa mwana wangayo kuti nanga akavoteranji. Anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo akavota akaweruka shifiti ya m'mawa. Amene akamuvotere sanandiuze. Malo ovotera amatseka 10 koloko usiku, kuno ikakhala 11. Mabatire a wailesi ndagula kale.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chibavi, Mzuzu